Musawaimbire a Yousaf

Edmonton,
London.

Okondedwa achimwene a Biswick,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu anga a Etta, pamodzi ndi ana onse kumeneko ku Zomba. Nanga bondo lija likuti bwanji? Ndinamva kuti mwayambanso kupalasa njinga kupita kumunda ngakhale adokotala anakuletsani. Inu simudzasintha. Ife kuno tikupuma, kuntchito tikupita, koma ndikati tili bwino ndiye kuti ndakunamizani.

Mudabwa kuti masiku a mafoni ano ndakhala pansi n'kulemba kalata ngati kale. Chifukwa chake mukuchidziwa. Pafoni simumva za munthu. Mumayamba ndi "tamvera Effie" n'kulankhula mpaka mayunitsi kutha, ine n'kutsala ndi mawu anga kukhosi. Pepala lokha ndi limene mumalipatsa ulemu, mpaka kulivalira magalasi. Ndiye valani magalasiwo, muwerenge mpaka kumapeto musanakhudze foni yanu. Kalatayi ndapatsira Callista, nesi mnzanga amene akubwera kudzaona mayi ake ku Chinamwali.

Uthenga wanu wa mawu uja ndinaulandira. Ndaumvetsera kambirimbiri m'basi popita kuntchito. Mwati kanema wonyansa uja anakufikani, ndipo inu monga malume komanso nkhoswe ya mwana wanga Walter simungakhale chete. Mwati mwezi uno ukatha muwaimbira ankhoswe anzanu a Yousaf ku Pakistan, muwatumizire kanemayo, muwauze kuti akuchimuna nkhaniyi aiona ndipo mwana wawo sakumuimba mlandu.

Ndikudziwa kuti mukufuna kuchita zimenezi ndi mtima woyera. Mukufuna kumuchotsa manyazi mpongozi wanga. Koma achimwene, ndagwira mwendo wanu, musawaimbire a Yousaf.

Mehwish inu munangomuona pa sikirini tsiku la ukwati, ataphimbidwa ndi nsalu zofiira ndi zibangili, akuyang'ana pansi. Mwina munaganiza kuti ndi wofatsa. Analibe kufatsa kulikonse mtsikana ameneyu. Anali wolongolola kuposa ine, ndipo inu mukudziwa kuti pamenepo ndanena zazikulu. Ku wodi ya ana kumene amagwira ntchito, mwana wokana jakisoni ankamuitanira iyeyo. Chichewa anachitola msanga kuposa Walter, amene mpaka lero ndikamulankhula amandiyankha m'Chingerezi. Ankalowa m'nyumba mwanga akufuula kuti amayi mwaphika chiyani, n'kutsegula poto, n'kuthiramo tsabola osandifunsa.

Ndikulemba kuti "anali" ngati wamwalira. Ali moyo, ali m'chipinda chinacho pamene ndikulemba pano. Koma mtsikana wolongolola uja sindinamuonenso.

Mukukumbukira mmene a Yousaf anakhalira nkhoswe? Munaumirira ndinu kuti ukwati wopanda ankhoswe ndi chibwenzi chabe, ngakhale uchitikire ku Ulaya. Tinayamba kusakasaka munthu wa kuchikazi. Bambo ake a Mehwish anamwalira kalekale, ndipo mayi ake ndi mng'ono wake Saba amakhala m'nyumba mwa a Yousaf, akulu awo a malemuwo, ku Faisalabad. Iwowo za unkhoswe sanamvepo chibadwire. Mehwish anangowauza kuti ndi mpando waulemu. A Yousaf anavala jekete, inunso munavala jekete, n'kumagwedezerana mitu pafoni ndi Chingerezi chanu cha kusukulu. Tinaseka mpaka misozi tsiku limenelo.

Iwo akuganiza kuti unkhoswe wawo unathera pomwepo pamene anavula jeketelo. Sakudziwa kuti kwathu nkhoswe imaimbiridwa foni zinthu zikavuta.

Tsopano ndikuuzeni za kanemayo, popeza inu munangoona zithunzi, simunaone zimene zachita m'nyumba muno.

Kuno amati dipifeki. Munthu amatenga nkhope ya mnzake pa zithunzi za pa Fesibuku, n'kuipatsa kompyuta kuti iimate pa thupi la mkazi wina amene akuchita zauve. Nkhope ya Mehwish anaitenga pa zithunzi za ukwati ndi pa makanema a kwaya ya kutchalitchi. Kompyutayo inaphunzira mmene amaphethirira, mmene amapendekera mutu akamaseka, ngakhale mawu ake. Ine ndasambitsa anthu osawerengeka pa ntchito yangayi, thupi la munthu silindichititsa manyazi. Koma nditangoona kamphindi kochepa ndinathamangira kubafa kukasanza.

Amene anapanga sitikumudziwa. Tikungodziwa kuti ndi mwamuna amene ankamulembera Mehwish mauthenga achikondi pa Fesibuku, iye n'kumutsekera kunja. Amalemba m'chinenero cha kwawo kwa Mehwish, ndiye akudziwa bwino lomwe chimene akuchita. Poyamba anatumiza kwa Mehwish yekha ali pa shifiti. Kenaka kwa Walter. Kenaka kwa anzake a kuntchito ndi a kutchalitchi. Apolisi tinapitako, anatilandira bwino, anati akufufuza koma munthuyo akubisala kuseri kwa mayina abodza. Kanemayo akamuchotsa apa, mawa watulukira apo, ngati nsikidzi.

Pali chinthu chimene Walter sangakuuzeni, ndiye ndikuuzani ine mayi ake. Kanemayo atamufika, anamuonera mpaka kumapeto. Atatha anayang'ana mkazi wake n'kumufunsa kuti kumeneku kunali kuti. Funso limodzi lokha. Pasanathe nthawi anazindikira kuti ndi zabodza, anagwada, analira, anapepesa. Mehwish anati wamukhululukira. Koma mawu akatuluka sabwerera m'kamwa, achimwene. Mawa lake anatenga kachikwama n'kubwera kwa ine, ndipo mpaka lero akugona kuno.

Tsiku limene anafikalo ndinali nditangoweruka, ndisanavule n'komwe yunifolomu. Analowa, anakhoma chitseko, anatseka makatani masana dzuwa likuwala. Kenaka anayamba kuvula. Mpongozi kuvula pamaso pa apongozi ake! Anandionetsa chipsera chachikulu pantchafu, pamene anapsa ndi mafuta otentha ali mwana. Ankangobwereza kuti amayi onani, mkazi wa mu kanema uja alibe ichi, onani amayi, si ine.

Ndinatenga chitenje chimene chinali pampando n'kumufunditsa. Ndinamuuza kuti mwana wanga, ine sindinakufunse umboni, ndipo sindidzakufunsa. Tinakhala pansi pakhitchini tonse awiri n'kumalira.

Atatonthola anandiuza chinthu chimene chikundiwawabe mpaka pano. Anati chipseracho sanabwere kudzaonetsa ine ndekha. Iye mwini amachiyang'ana m'mawa uliwonse kuti atsimikize. Anati mutu wake ukudziwa kuti si iye, koma maso ake anaona nkhope yake ikuchita zimenezo, ndipo maso sakufuna kumvera mutu. Amasamba mpaka madzi otentha kutha. Khungu la m'manja mwake lang'ambika ndi sopo. Galasi la kubafa ndinalichotsa chifukwa ndinamupeza ataima pamenepo, akuyang'ana nkhope yake ngati ya mdani.

Ndiye mu uthenga wanu munanenanso kuti ndipeze amayi awiri a Mvano amuone thupi, kuti pouza a Yousaf mukhale ndi mboni. Ndikudziwa, kwathu mlandu umafuna mboni. Koma mwana uyu amuvula kokwanira. Palibe munthu wina amene adzamuvulenso ine ndili moyo, kaya ndi wa Mvano kaya ndi mngelo.

Kuntchito anayesa kubwerera. Bambo wina amene mwana wake anagonekedwa anamuyang'ana nthawi yaitali n'kumwetulira. Mwina ankangothokoza, ndani akudziwa? Koma Mehwish analephera kumuika mwanayo diripi, ntchito imene ankaichita ngakhale atatsinzina. Manijala wake ndi munthu wabwino, anamupatsa tchuthi cha odwala. Tsiku lina tikupita kwa dokotala, anyamata awiri m'basi ankaseka akuyang'ana foni yawo. Mwina inali mpira. Iye anadina belu n'kutsika, mvula ikugwa, ine n'kumamuthamangira ndi mawondo angawa. Tsopano akatuluka amavala masiki ngati nthawi ya korona. Vuto lake n'lakuti sangadziwe amene waona ndi amene sanaone, ndiye kwa iye London yense waona.

Za anthu akwathu kuno ndisanene zambiri, ndingachimwe. Mayi Phoebe, amene ankavina kutsogolo pa ukwati uja, anandipeza panja pa tchalitchi n'kundinong'oneza kuti utsi sufuka popanda moto. Ndinawayankha kuti m'dziko lino utsi amagulitsa m'botolo. Wina mwa amayi a kutchalitchi omwewa ndi amene anaponya kanemayo pa gulu la Watsapu, ati kuti abale tipempherere banjali. Kupempherera kotani kofuna kuti aliyense ayambe waonera? Pemphero limenelo ndi limene linauluka mpaka kukafika kwa m'bale wathu Jailos ku Lilongwe, iye n'kukupatsirani inu.

Tsopano mverani chifukwa chimene ndikukuletserani.

Kwathu nkhoswe ndi wozimitsa moto. Nkhani ikabuka mumaitana mnzanu, mumakhala pansi, mumafunsa kuti zoona ndi ziti. Mukapeza kuti munthu ananamiziridwa, nkhani yatha, aliyense amagwirana chanza n'kumapita. Inu mwakonza mabanja ambiri choncho ndipo anthu amakutamandani. Sindikutsutsa.

Koma Mehwish wandifotokozera za kunyumba kwa a Yousaf. Kumeneko funso silikhala lakuti kodi n'zoona. Funso limakhala lakuti kodi anthu aona. Anandiuza za mtsikana wina wa mumsewu mwawo amene anyamata anamusinthira chithunzi zaka zapitazo. Aliyense ankadziwa kuti n'chabodza, ngakhale abusa ananena paguwa. Komabe makolo ake anamuchotsa sukulu, n'kumukwatitsa msangamsanga kwa bambo wachikulire wa kumudzi wakutali. Dzina lake m'nyumba mwawo satchulanso. Anyamatawo ali pomwepo, ena akwatira.

Sindikuti anthu onse kumeneko ndi otero. Mayi ake a Mehwish ndi munthu wa mtima wofewa, akanamva akanangomukumbatira mwana wawo. Koma mayiwo alibe mawu. Ndi wamasiye wokhala m'nyumba ya alamu ake, ndipo amadwala mtima. Mwini nyumba ndi a Yousaf, ndipo kwa iwo dzina la banja ndi lolemera kuposa mwana wamkazi.

Saba ali m'chaka chomaliza cha sukulu ya unesi. A Yousaf anamulola monyinyirika, ati mtsikana mmodzi wothawira kunja wakwana. Palinso mnyamata amene akufuna kumukwatira, makolo anagwirizana kale. Kanemayo akangolowa m'foni ya a Yousaf, sukulu ya Saba yathera pomwepo, ukwati wake wathera pomwepo. Mafoni a amayi awiriwo adzalandidwa. Mehwish sadzamvanso mawu a mayi ake, ndipo tsiku limene mayiwo adzamwalire adzamva kwa anthu ena. Palinso ana aamuna a a Yousaf, a mitima yapachala. Mehwish atayamba kundiuza zimene anyamatawo angamuchite Saba pofuna kutsuka dzina, sanamalize chiganizo, ndipo ine sindinamukakamize.

Inu mudzanena m'Chingerezi chanu chabwino kuti kanemayu ndi wabodza, mwana wanu ndi wosalakwa. Iwo adzamva chinthu chimodzi chokha, kuti manyazi a nyumba yawo afika mpaka ku Africa, ndipo mwamuna wachilendo waona. Kwa eni kulibe mkuwe, achimwene. Mankhwala athu kumeneko ndi poizoni.

Ndikuuzeni za Lamulungu lathu masiku ano. Kutchalitchi sitipitanso limodzi. Ndikabwerako ndimamupeza wasamba, wavala mpango wowala, wadzola zofiira pamilomo. Amakhala pafupi ndi zenera pamene pali kuwala, n'kuimbira mayi ake pa vidiyo. Mukanamuona! Amaseka, amamunyogodola Saba za chibwenzi chake, amafunsa za mbuzi ya aneba. Mayi ake akati wawonda, iye amati ndi mashifiti. Akafunsa za Walter, amati ali kuntchito. Ine ndimalowetsa mutu wanga pa sikirini n'kukweza dzanja, n'kunena kuti zonse zili bwino. Ine mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, kunama tsiku la Mulungu, Baibulo lili m'chikwama. Ndipo sindikulapa.

Foni ikangoduka, nkhope ija imagwa. Amapukuta milomo ndi kuseri kwa dzanja n'kukagona moyang'ana kukhoma mpaka mawa. Koma ndaona kuti sabata yonse amakhalira moyo foni imeneyo. Akadya pang'ono Loweruka, n'chifukwa chakuti safuna mayi ake aone mafupa. Dokotala amene akumuthandiza maganizo anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndisamusiye yekha nthawi yaitali, ndiponso mankhwala onse m'nyumba ndiwasunge ine. Ndine nesi, ndikudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Mukamulanda foni ya Lamulunguyo, sindikudziwa chimene chidzamugwire.

Munthu woipa uja amalembabe. Akatsekeredwa amabwera ndi dzina lina. Nthawi zonse amaopseza chinthu chimodzi, kuti atumiza kanemayo kwa abale ake ku Faisalabad. Koma sanatumize, ndipo chifukwa chake n'chakuti alibe njira. A Yousaf za Fesibuku sadziwa. Saba anatseka masamba ake onse mkulu wake atamupempha, osamuuza chifukwa. Munthuyo wakhala akufunsafunsa kwa anthu, akusaka nambala ya kunyumbako. Akanaipeza bwenzi zonse zitatha kale.

Achimwene, ndaganiza mpaka mutu kuwawa, ndawerenga anthu onse amene ndikuwadziwa kuno ndi kumudzi. Kupatula ife a m'nyumba muno, padziko lonse lapansi pali munthu mmodzi yekha amene m'foni mwake muli kanemayo komanso nambala ya a Yousaf. Munthuyo ndinu.

Chimene mdani wathu walephera kuchita ndi nkhanza zake zonse, inu mungachichite ndi chala chimodzi, mutavala jekete, mutayamba ndi pemphero.

Musakwiye kuti mlongo wanu wamng'ono akukuphunzitsani unkhoswe. Wakutsina khutu ndi mnansi. Sindikukulandani mpando wanu. Ndikungokumbutsa kuti inu nomwe munkatiuza kuti nkhoswe yabwino imadziwika ndi zimene yasunga m'mimba, osati zimene yalankhula pabwalo. Nkhani iyi ndi yosunga m'mimba mpaka kumanda.

Fufutani kanemayo. Mumuuze Jailos afufutenso, ndipo mumufunse bwinobwino amene anawapatsira. Alamu anga asamuone. A Yousaf akadzakuimbirani okha pa Khirisimasi monga anachitira chaka chatha, mukambe za mvula ndi za bondo lanu.

Ngati manja akukuyabwani kufuna kukonza chinachake, imbirani Walter. Mwana uja akutha. Amabwera madzulo alionse akaweruka, amakhala pampando pakhomo la chipinda cha mkazi wake, amalankhula ndi chitseko. Nthawi zina chimatseguka, nthawi zambiri ayi. Akadzuka pamenepo amayamba kulumbira kuti munthuyo akadzamupeza adzamupha. Ine ndi mayi ake, akandiona amangoti "Mum, I'm fine." Akufunika malume ake amuuze kuti mwamuna amathanso kudikira, ndi kuti funso limene anafunsa lija silitsukidwa ndi ukali koma ndi kukhalapo tsiku ndi tsiku. Pamenepo ndiye pali ntchito ya nkhoswe.

Sindikulonjezani kuti banjali lipulumuka. Sindikudziwa ngati Mehwish adzabwererenso ku wodi ya ana. Mtima wanga wasweka, achimwene. Ndinabwera kuno kudzasamala makolo a anthu ena, ndinapirira kuzizira ndi kunyozedwa, ndinkati ana anga adzakhala pamtendere. Lero ndikuyang'anira mwana wa mayi mnzanga amene anandipatsa ali wamoyo ndi wosangalala, ndipo sabata iliyonse ndimamuuza mayiyo kuti zonse zili bwino.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Etta, muwauze kuti ufa wa kondowole uja unafika bwino. Moni kwa Miriam ndi ana ake, kwa azakhali ku Namadidi, ndi kwa onse amene amandifunsa. Ambuye akusungeni, akupatseni nzeru, ndipo agwire dzanja lanu.

Callista akupatsaninso kaphukusi. Muli juzi yaubweya ya mtundu wa phulusa. Si yochokera kwa ine. Mehwish atamva kuti pali munthu wopita ku Zomba, anadzuka, anavala masiki yake, n'kupita yekha kusitolo, ulendo woyamba kutuluka popanda ine. Anati ndinamuuzapo kuti mwezi wa Juni kumeneko kumazizira, ndipo bondo la amalume silifuna mphepo. Wati ndilembe m'Chichewa mmene wanenera mwini wake, kuti muli bwanji amalume, ine ndili bwino.

Sakudziwa kuti kanemayo anakufikani. Sindinamuuze. Akuganiza kuti ku Zomba kudakali munthu mmodzi amene amamukumbukira atavala nsalu zake.

Ndine mlongo wanu,
Effie.